Timakalata Topita kwa Nkhono

1

Inali cha m'ma 9 koloko m'mawa, kunja kukuwaza kamvula kosanyowetsa kwenikweni, koma kokwanira kuti munthu asinthe maganizo otuluka m'nyumba. Ndinali m'shopu mwanga, ndikupukuta tebulo limene ndinali nditapukuta kale. Panali patatha miyezi isanu ndi itatu chiikireni maliro a mkazi wanga, ndi masiku anayi chilowereni kasitomala womaliza.

Ntchito yanga ndi yosoka ndi kumata mabuku. Ndinaiphunzira ku laibulale ya pakoleji, kumene ndinagwira zaka 27. Nditapuma ndinachita lendi kachipinda ka zenera limodzi, pakati pa telala ndi wokonza mafoni. Anthu amabwera ndi mabuku othothoka chikuto, oduka msana, odyedwa ndi chiswe. Ndimawamasula, kuwasoka, kuwapanikiza, n'kuwabweza kwa eni ake ataima bwino. Si ntchito yofuna kulankhula, ndipo n'chifukwa chake ndinaikonda.

Chitseko chinatseguka, mwana wanga n'kulowa akukutumula ambulera. Ndi wamkazi, yekhayo amene tinabereka. Amakhala mumzinda wina, ulendo wa maola asanu pa basi, ndipo amagwira ntchito yotsatsa malonda a anthu pa intaneti.

"Ababa, muno mwangoti zii ngati m'chipinda cha mayeso. Makasitomala ali kuti?"

"Mvula."

"Dzulo kunali dzuwa. Atelala andiuza zonse."

Sanadikire kuti ndiyankhe. Anakankha mabotolo a guluu, n'kuika laputopu yake patebulo. Pofika masana anali atandipangira tsamba la pa intaneti, lokhala ndi zithunzi za mabuku asanakonzedwe ndi atakonzedwa, komanso malo oti munthu alembe ngati akufuna ntchito. Kenako anatenga foni yanga n'kunditsegulira akaunti pa malo aja ochezera amene munthu amalembapo mizere iwiri kapena itatu basi, ena n'kumawerenga akudikira basi kapena ali pamzere kubanki.

"Mvetserani," anatero. "Tsamba lanuli lili ngati shopu ya kuseri kwa msika. Palibe angalipeze yekha. Timauthengati ndiye munthu woima pamsewu, woloza kuti lowani uku. Uthenga uliwonse muziika linki pansi pake. Munthu akadina, wafika pa tsamba lanu."

"Ndizilemba chiyani? Kuti guluu wauma?"

Anatsegula dirowa akufuna cholembera, n'kupeza kabokosi ka nsapato. Munali matikiti a basi, masamba ouma, chithunzi cha ukwati chong'ambika pakati, mndandanda wa zogula.

"Izi n'chiyani?"

"Zimene anthu amaiwala m'mabuku. Ndimawabwezera, koma ambiri amati ingotayani."

Anandiyang'ana monga ankandiyang'anira mayi ake ndikamafunafuna magalasi ali pamphumi.

"Ndiye mukundifunsa kuti muzilemba chiyani?"

Mutu wake anaupeka yekha: Zopezeka m'Mabuku. Ndikanadziwa kumene zikupita, dirowa ija ndikanaitseka ndi bondo.

2

Zinayamba bwino. M'mawa uliwonse ndinkasankha chinthu chimodzi m'kabokosi muja n'kulemba. Uthenga woyamba unali wakuti: "M'buku la malamulo ndapeza tikiti ya basi ya zaka 19 zapitazo. Kumbuyo kwake analemba kuti, usagone, utsike pachiwiri. Kaya anatsika." Pansi pake linki.

Anthu anaseka, anagawana uthengawo, ena anadina. Patatha mwezi umodzi, mabuku anayamba kubwera ngakhale pa basi kuchokera kutali.

Koma ndinene zoona, chimene ndinkadikira sichinali mabuku. Tsiku lililonse 5 koloko, ndikutseka zenera, foni inkalira.

"Ababa, lero adina anthu 212! Wa tsamba louma uja wakoka kuposa onse. Mawa muike cha m'ma 7, anthu akadali m'mabasi."

Chimwalirireni mayi ake, mafoni athu anali a mafunso atatu: mwadzuka bwanji, mwadya, mwamwa mankhwala. Kenako tonse chete, aliyense akumva kupuma kwa mnzake, mpaka wina anene kuti chabwino. Tsopano tinali ndi chokamba. Tinkatha theka la ola tikukangana ngati uthenga uyenera kuthera ndi funso kapena ayi. Ndikafika kunyumba, nyumba ya zipinda zinayi imene ndinkangogwiritsa ntchito chimodzi ndi khitchini, ndinkamvabe mawu ake m'khutu.

Kenako kabokosi kanatha. Mabuku atsopano ankabwera oyera, eni ake atawakutumula kale, poti anali atadziwa khalidwe langa. Ndinayesa kulemba za mitundu ya ulusi. Anadina anthu asanu ndi anayi. Ndinalemba za mmene chiswe chimadyera pepala. Anadina anayi.

"Ababa, intaneti siidikira munthu," anatero mwana wanga. "Mukangokhala chete masiku atatu, akuiwalani."

Sankanena mwankhanza. Ankangonena za ntchito yake. Koma mafoni anafupika, kenako anayamba kudumpha tsiku, kenako anasanduka uthenga wa mawu awiri: mwadya, ababa?

3

Lolemba lina m'mawa ndinalemba izi:

"Zopezeka m'Mabuku. Kapepala m'dikishonale ya kasitomala wina: Nkhono yanga, lero wadutsa pafupi nane katatu osandiyang'ana. Ndawerenga. Kachinayi ndikukoka malaya pamaso pa anthu."

Owerenga, musandifunse kaye zambiri za kapepalako. Ndinena. Pakadali pano dziwani kuti kanalipo ndithu, kong'ambidwa m'kope la mizere, ndipo sindinasinthe liwu ngakhale limodzi. Dziwaninso kuti kalembedwe kake ndinkakadziwa bwino.

Foni inalira isanakwane 12 koloko.

"Ababa! Mwaona? Adina 1,400, ndipo tsiku silinathe! Mayi ameneyu ndi ndani? Tilipo tina?"

"Tilipo."

"Musatulutse tonse nthawi imodzi. Kamodzi pa masiku awiri. Muwasiye ndi njala."

Ndinamvera. Lachitatu ndinaika: "Malaya abuluu aja usamavale pamene pali anthu. Ndimaiwala zimene ndimafuna kunena." Lachisanu: "Tikakhala pagulu timakhala ngati sitidziwana. Ine ndimaseka chamumtima, poti palibe akudziwa."

Anthu anapenga nato. Atsikana ankalemba kuti akufuna Nkhono yawoyawo. Amuna ankati mayi ameneyo ndi wa mwini, onani mmene akubisalira. Onditsatira anachoka pa 600 kufika pa 11,000. Wokonza mafoni uja, amene zaka zonsezi ankangondigwedezera mutu, anayamba kundilonjera kuti, "Akuluakulu a Nkhono, lero kuli chiyani?"

Funso limene linkabwera kwambiri linali lakuti mwini dikishonaleyo ndi wotani. Ndinazemba kwa sabata. Kenako ndinayankha ndi mzere umodzi: "Ndi bambo wamtali, wovala chipewa, wosalankhulalankhula."

Tinafika pa kapepala ka nambala 11 pamene munthu wina analemba kuti: "Mdala uyu akungopeka. Ngati timapepalato tilipodi, atijambule." Anthu mazana atatu anagwirizana naye.

"Jambulani kamodzi, ababa," anatero mwana wanga madzulo amenewo. "Chithunzi chimakoka kuposa mawu, komanso muwatseka pakamwa."

M'mawa mwake ndinakaika patebulo, pansi pa zenera. Ndinakachotsa. Ndinakaikanso. Ndinadziuza kuti dziko ndi lalikulu, ndipo anthu olemba ndi inki yobiriwira ndi ambiri. Za mwana wanga, amene anaphunzira kuwerenga pa kalembedwe kameneka, sindinalole kuti ndiganize. Cha m'ma 10 koloko ndinajambula, n'kutumiza.

4

Ola limodzi silinathe.

"Kalembedwe aka ndikukadziwa," analemba mayi wina. "Ndi ka madamu athu a masamu, amene anamwalira chaka chatha. Onani mchira wa g."

Wina anajambula lipoti lake la kusukulu la zaka 15 zapitazo n'kuliika pambali pa chithunzi changa. Inki yobiriwira yomweyo, g yemweyo wa mchira ngati mbedza. Mkazi wanga anaphunzitsa zaka 30 pasukulu imodzi. Ndinali nditaiwala kuti kalembedwe ka mphunzitsi kali m'nyumba zikwi zambiri.

"Koma amuna awo si aafupi, osoka mabuku?"

"Ndi omwewa eni akauntiyi!"

"Ndiye wamtali wa chipewa ndi ndani?"

"Ahedi athu aja, nanga n'kufunsa?"

Pofika masana nkhani inali itapsa, ndipo inkamveka motere: mdala wapeza makalata a malemu mkazi wake m'buku la chibwenzi chawo, ndiye akubwezera pang'onopang'ono, kamodzi pa masiku awiri. Chithunzi ndinachichotsa, koma anthu anali atachisunga kale m'mafoni mwawo.

Cha m'ma 3 koloko analowa mlamu wanga, mng'ono wake wa malemu. Sanapereke moni. Anaponya foni yake patebulo, pamwamba pa buku la mwini wake limene linali lisanaume.

"Alamu, mwamufukula mkulu wanga kuti mumuvule pamsewu?"

"Khalani pansi, alamu."

"Ndikhale pansi? Kuntchito anzanga akundiyang'ana ndi m'mbali mwa diso. Akazi a ahedi alongedza, apita kwa mchemwali wawo. Bambo aja ali ndi shuga, mukudziwa? Ngati munapeza zimenezi, bwanji osatiitana ife abale, tikambe m'nyumba? Munthu sangadziyankhire ali m'manda!"

Atelala anali atazimitsa makina kuti amve bwino. Ndinayang'ana botolo la guluu. Mawu oti ndinene ndinali nawo, anali atatu okha, koma amene anatuluka anali ena.

"Ndamva, alamu," ndinatero.

"Mwamva. Zaka zonsezi mumangomva. Mkulu wanga anakwatiwa ndi khoma."

Anatola foni yake n'kutuluka, chitseko n'kuchisiya pululu.

Apa pali chinthu chimene sindinauzepo munthu. Atatuluka, ndinatsegula tsamba langa kuti ndione nambala. Tsiku limenelo analowa anthu 19,000. Ndinayang'ana katatu, ndipo kwa kamphindi ndinaganiza kuti mwana wanga akondwa.

5 koloko inakwana. Foni sinalire. Mawa lakenso sinalire. Ndinaimba ine, inangoitana.

5

Mwana wanga anabwera tsiku lachitatu, masana. Ndinamupeza atakhala pakhonde la kunyumba, chikwama chili pamiyendo. Makiyi anali nawo, koma sanalowe. Maso anali otupa.

Tinalowa pabalaza. Anakhala pampando wa alendo, osati wake.

"Munadziwa liti?" anafunsa.

"Chiyani?"

"Ababa, chonde. Ndayenda maola asanu. Munadziwa amayi ali moyo, kapena mwadziwira m'dikishonale ya ahedi?"

Ndinali nditakonzekera kuti andikalipira. Sindinakonzekere kuti andimvera chisoni.

"Chithunzi chawo ndachichotsa pakhoma kwanga," anapitiriza. "Sindikutha kuchiyang'ana. Ndiye n'kumandiuza ine kuti mkazi azidzisunga! Koma mwina sindiyenera kuwaweruza. Ndinkadabwa kuti amapirira bwanji m'nyumba yozizira ino. Tsopano ndadziwa kumene ankaothera moto."

Apa m'pamene ndinaona chimene ndinali nditachita. Za shopu, za anthu a pa intaneti, ngakhale za mlamu wanga, zonse zinachepa. Mwana anali atataya mayi ake kachiwiri, ndipo ulendo uno wowapha ndinali ine.

"Kulibe bambo wamtali," ndinatero. "Ndinangomupeka. Dikishonale ndi yanga, ili m'chipinda umo. Nkhono ija ndine."

Anaseka, kuseka kopanda chimwemwe.

"Musawaikire kumbuyo."

"Ndikunena zoona."

"Inu? Malaya abuluu? Ababa, ndakulira m'nyumba muno zaka 19. Inu ndi amayi munkakambirana za mababu akupsa ndi mpopi wodontha. Sindinakuonenipo mutagwirana dzanja. Patebulo pankamveka masipuni okha. Pamaliro awo munkathandiza anthu kuimika magalimoto. Ndiye lero mundiuze kuti ankafuna kukukokani malaya pamaso pa anthu?"

"Ankatero pokhapokha polemba."

"Ndiye munapekeranji wamtali wa chipewa?"

"Mutu unali wakuti zopezeka m'mabuku a makasitomala. Ndikanati ndi zanga, bwenzi anthu akundiyang'ana ine. Ndinatchula munthu wosiyana nane kwambiri. Za ahedi sizinandifike m'mutu."

"Nanga munaziikiranji n'komwe?"

Ndinayang'ana pansi. "Unasiya kuimba."

Anapukusa mutu. Anaimirira, n'kukoleka chikwama paphewa.

"Ndinu munthu wabwino, ababa. Mukufuna kusenza manyazi a amayi. Koma ine si mwana."

Chilango cha munthu wosalankhula n'chimenechi: tsiku limene wanena zoona, palibe amene ali ndi chifukwa chokhulupirira.

6

"Dikira," ndinatero. "Pali buku lina."

Ndiyenera kukufotokozerani, owerenga, monga ndinamufotokozera iye, nditaima pakhomo la kuchipinda.

Ndinadziwana ndi mayi ake ndili wothandizira ku laibulale, iwo akuphunzira zauphunzitsi. Tsiku lina anabweza buku muli kapepala kakuti, "Kodi mumalankhula, kapena mumangodinda madeti?" Ndinayankha pa kapepala kena, n'kukaika m'buku limene anabwereka tsiku lotsatira. Titakwatirana tinakhala zaka ziwiri m'nyumba ya achimwene anga, ya makoma oti munthu akatsokomola kuchipinda, wa pabalaza amati pepani. Tinapitiriza kulemberana. Titapeza nyumba yathu chizolowezi chinali chitamera mizu. Iwo ankaika tawo m'dikishonale yanga. Ine ndinkaika tanga m'buku lawo la masamu, la chikuto chofiirira, limene palibe mwana akanalikhudza mwa kufuna kwake. Dzina la Nkhono anandipatsa chifukwa ukandikhudza ndimabwerera m'chigoba.

Buku la masamulo ndinali ndisanalitsegule chimwalirireni iwo. Linali pashelefu ya kumutu kwa bedi, litafufuma ngati mkate. Ndinalitenga n'kulipereka kwa mwana wanga, ndipo ndikuuzeni kuti kuvula malaya pamsika kukanandipepukira.

Anakhala pansi. Anatsegula. Timapepala tinagwera pamiyendo pake, tina tachikasu ndi ukalamba. Kalembedwe kanga amakadziwa, kopendekera kumanzere ngati mpanda wofuna kugwa. Anatola kamodzi n'kuwerenga mokweza.

"Madamu, dandaulo lanu la pa 4 ndalilandira. Malaya abuluu ndipitiriza kuvala. Cholinga chake n'chomwecho."

Anatola kena.

"Madamu, lero ndinakuyang'anani kawiri. Inu ndi amene simunaone, munali kalikiliki kukalipira mwana za nsapato."

Anagwira pakamwa. "Nsapato zofiira zija," anatero chapansipansi. "Ndinataya imodzi kusukulu."

Anawerenga kwa ola lathunthu. Ine ndinapita kukhitchini, ndinawiritsa madzi, ndinaiwala kuthira masamba, ndinabwerera. Nthawi zina ankaseka, nthawi zina ankapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. Kenako anafika kumapeto kwa buku, kumene kunali kapepala kopindidwa kanayi, kosatsegulidwa chipindireni. Tina tonse tinali tofewa chifukwa chogwiridwagwiridwa. Aka kanali kouma.

"Kameneko usawerenge," ndinatero.

Anawerenga, ndipo sanatulutse mawu. Koma ine ndimakadziwa pamtima. Kamati: "Usapite. Ukapita ndizilankhula ndi ndani? Njira ina sindinaiphunzire."

Anayang'ana deti la pakona.

"Apa n'kuti ali m'chipatala."

"Eya."

"Munkakhala pambali pa bedi lawo tsiku lililonse, masabata atatu. Ndinkakuonani. Munkawasendera malalanje."

"Eya."

"Simunawauze?"

"Ndinaika m'buku. Ndinkati abwera adzawerenga."

Panja galimoto ina inadutsa ikuliza wailesi. Mwana wanga anapinda kapepalako mmene kanalili, n'kukabwezera pa tsamba lake. Polankhula, mawu ake anali otsika, ndipo ndikanakonda akanakuwa.

"Anthu zikwizikwi osakudziwani awerenga mmene amayi ankakukonderani. Ine mwana wanu ndakula ndikuganiza kuti munkangopirirana chifukwa cha ine. Mukudziwa kuti ndakana amuna awiri? Abwinobwino. Ndinkaopa nyumba ngati ino. Ndiye nyumbayo inali ina, ine osadziwa, ndikugona chipinda chachiwiri."

Ndinafuna kupita kukaona madzi aja kukhitchini. Miyendo inali itayamba kale. Ndinaiumiriza kukhala.

"Pepa, mwana wanga," ndinatero. Kenako, poti panalibe buku loti ndiikemo, ndinanena ndi pakamwa: "Ndinkawakonda kwambiri mayi ako. Iwenso."

Sanandikumbatire. Ife si anthu otero. Anangosuntha pampando wa alendo paja n'kukakhala pa wake.

7

M'mawa mwake tinapita kwa ahedi. Anatilandira pakhonde, atavala chipewa chawo. Ndinafotokoza zonse, mwana wanga atanyamula mabuku awiri aja ngati mboni. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Bwanji simunanene kuti wamfupi wadazi?" anafunsa. "Tikanagawana mavutowa ndi anthu ambiri."

Sanaseke, inenso sindinaseke. Akazi awo anabwerera patatha milungu iwiri, koma mpaka lero tikakumana pamsewu amawolokera tsidya lina. Sindiwaimba mlandu.

Uthenga wa pa intaneti mwana wanga anakana kundilembera. "Munayamba nokha," anatero. Malo aja salola mawu ambiri, ndiye ndinafufuta kasanu ndi kawiri. Umene unatuluka unali uwu:

"Ndinanama. Timakalata ta Nkhono sitinali m'buku la kasitomala. Mkazi wanga ankalembera ine, mwamuna wake, kwa zaka 33. Bambo wamtali kulibe. Ndinaipitsa dzina la malemu ndi la munthu wosalakwa pofuna kuti muzidina. Pepani."

Pansi pake sindinaike linki.

Bodza lija analigawana anthu oposa 8,000. Kupepesaku anakugawana 900. Ena analemba kuti mdala wakakamizidwa ndi abale. Ena anati chikondi chotere kulibe. Mpaka pano alipo anthu amene sanamuonepo mkazi wanga koma amamudziwa ngati mphunzitsi uja wa ahedi, ndipo ine ndilibe njira yowafikira onse. Ichi ndicho chifukwa chimodzi chimene ndalembera nkhaniyi kuno, kumene kulibe malire a mawu. Mlamu wanga anabwera patatha miyezi itatu, anawerenga timapepala tiwiri, n'kunena kuti, "Khoma lomwe lija?" Anamwa tiyi, koma sanakhalitse.

Pambuyo pake timapepala tonse, ta mayi ake ndi tanga, mwana wanga anapita nato. Anati n'cholowa chake, ndipo sindinatsutse. Tsamba langa anasiya kuliyang'anira. Amaimba Lamlungu masana. Za manambala sitikambanso. Nthawi zina amafunsa kuti, "Tsiku limene ndinabadwa munalemba chiyani?" ndipo ndimayesetsa kuyankha. Nthawi zina timakhalabe chete. M'nyumba muli zii monga kale, mwinanso kuposa, poti dikishonale ija tsopano ndi dikishonale chabe.

Kwa inu amene mumatsatsa malonda anu pa timauthenga timeneti, sindikuuzani kuti musiye. Njirayo imagwira ntchito, ndipo theka la mabuku amene ali pashelefu yanga lero anabwera chifukwa cha iyo. Koma dziwani kuti tsiku lidzafika limene mudzasowa cholemba, nambala ikutsika, ndipo mudzayamba kuyang'anayang'ana m'nyumba mwanu. Tsiku limenelo dzifunseni kuti chinthucho n'cha yani, ndiponso ngati a m'nyumba mwanu anachiona kale. Ine ndinapatsa alendo chimene ndinamana mwana wanga. Ndipo kwa inu amene muli ngati ine, amene mumasunga mawu kuti mudzanene pa nthawi yabwino, ndilibe malangizo anzeru. Ndingoti munthu amene mukumuyembekezera kuti abwera kudzawerenga, nthawi zina sabwera.

Ndalemba zokwanira. Namwino wina wandisiyira buku lake la za mankhwala, la masamba 640, lothothoka kuyambira pakati, ndipo akulifuna Lachinayi asanalowe mayeso. Ndadula kale ulusi wakale. Ndiyambe kusoka dzuwa lisanachoke pazenera.